Kodi Mumadziwa? Magazi a Duncan Anakana Kusambika

Kodi mumadziwa kuti m'sewero la kuphana lotchuka kuposa onse, kupha kwenikweniko sikuoneka? Macbeth amalowa m'chipinda momwe Mfumu Duncan yagona, ife n'kutsala panja, ndipo akamatuluka mipeni iwiri ili m'manja, magazi ali chuchuchu. William Shakespeare anabisa chiwembucho n'kutionetsa manja okha, ndipo manja amenewo akhala akuchititsa anthu nthumanzi kwa zaka zoposa 400!

Ku Magawa, ku Ludzi ndi m'sukulu zina za sekondale kuno ku Mchinji, a Fomu 4 amalidziwa bukuli chifukwa lakhala likubwera pa mayeso a MSCE. Ambiri amadandaula kuti Chingerezi chake n'chosatafunika. Nanga ndikakuuzani kuti zimene zili m'katimo agogo anu a kwa Mlonyeni kapena kwa Mkanda ankazidziwa asanaone n'komwe chikuto chake?

Sewero limene likanatayika

Mwa masewero onse omvetsa chisoni a Shakespeare, lalifupi kwambiri ndi lomweli. Hamlet ali ndi mawu pafupifupi 30,000 pomwe Macbeth ali ndi mawu ngati 17,000 okha. Mnzanu akamamaliza Hamlet kamodzi, inu mwatsala pang'ono kumaliza Macbeth kachiwiri!

Linalembedwa cha m'ma 1606, koma mwini wake anamwalira mu 1616 lisanasindikizidwe. Anzake awiri ochita nawo zisudzo, John Heminges ndi Henry Condell, ndi amene anatolera masewero 36 n'kuwaika m'buku limodzi mu 1623. Pakanapanda iwo, Macbeth akanasowa pamodzi ndi masewero ena 17!

Mabuku oyambawo anasindikizidwa ngati 750, ndipo amene akudziwika kuti alipobe lero ndi oposa 230. Mungaganize kuti limodzi lingagulidwe ndalama zingati? Mu 2020 lina linagulitsidwa ku New York pa mtengo wa madola a ku America pafupifupi 10 miliyoni!

Zambiri za m'seweroli zimachitika usiku, komatu pa bwalo la zisudzo la Globe ku London ankasewera masana dzuwa likuswa mtengo, pakati pa bwalolo popanda denga. Magetsi kunalibe, ndiye mdima unkayenera kubwera ndi pakamwa pa osewera. Mawu okuluwika okha ndi amene ankazimitsa dzuwa pamaso pa anthu okwana 3,000!

Manja ofiira

Mukatenga pensulo n'kumachonga paliponse pamene magazi atchulidwa, dzanja litopa. Sewero lalifupi chonchi limatchula magazi maulendo oposa 40!

Magazi oyamba ndi a msilikali wovulala amene akufotokozera mfumu mmene Macbeth anang'ambira mtsogoleri wa zigawenga kuchokera pamchombo mpaka pachibwano. Duncan akumva zimenezi akusangalala, ndipo akukweza Macbeth pa udindo tsiku lomwelo. Dzanja lomwelo, mpeni wonga womwewo: ku nkhondo linalandira mphoto, kuchipinda linalandira misala.

Kodi chinalakwika n'chiyani kuchipindako? Macbeth mwini wake akuwerenga yekha asanaphe: Duncan ndi m'bale wake, ndi mfumu yake, komanso usiku umenewo ndi mlendo m'nyumba mwake. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma uyu anaphwanya miyambo itatu ndi dzanja limodzi!

Chodabwitsa n'chakuti chikumbumtima chinafika mlandu usanachitike. Ali m'njira yopita kuchipinda, Macbeth akuona mpeni ukulendewera m'malere, chigwiriro chili kwa iye, kenako madontho a magazi n'kuyamba kuoneka pampenipo. Duncan anali akupumabe, koma womupha anali ataona kale magazi ake!

Atapha, akuyang'ana manja ake n'kudzifunsa ngati nyanja yonse yamchere ingawayeretse. Akudziyankha yekha kuti ayi, m'malo mwake dzanja lakelo ndi limene lingafiiritse nyanjayo. Tangoganizani, nyanja zamchere zimakuta magawo 71 pa 100 alionse a dziko lapansi, koma zikuchepera chikhatho chimodzi!

Mkazi wake, Lady Macbeth, akumuseka kuti ndi wamantha, akuti timadzi pang'ono tithetsa nkhani yonse. Chakumapeto kwa sewero, mayi yemweyo akudzuka ali m'tulo, maso ali tong'o koma osaona kanthu, akupukusa manja ngati akusamba pomwe madzi palibe. Wantchito wake akuuza dokotala kuti wakhala akumuona akuchita zimenezi mosalekeza kwa mphindi 15!

Mwaona kusiyana kwa awiriwa? Mwamuna magazi amawaona, mkazi amawanunkhiza, ndipo akudandaula kuti mafuta onunkhira onse a ku Arabia sangachotse fungolo pa kadzanja kake. Arabia ndi kwawo kwa lubani, yemwe uja anzeru a kum'mawa anamunyamula pamodzi ndi golide!

Ali m'tulo momwemo, akudabwa kuti nkhalamba ija, Duncan, inali ndi magazi ochuluka chotere. Madokotala amatiuza kuti si ochuluka kwenikweni. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi ngati malita 5 okha, koma m'mutu mwa wakupha sasiya kutuluka!

Kodi mumadziwa kuti asayansi anadzagwirizana naye mayiyu? Pali mankhwala otchedwa luminol amene apolisi ofufuza milandu amapopera pamalo okolopedwa bwinobwino, ndipo akazimitsa nyale, pomwe panagwera magazi pamawala kuwala kwa buluu. Njira imeneyi inatulukiridwa ku Germany mu 1937, patapita zaka zoposa 330 chilembedwereni seweroli!

Mu 2006 akatswiri awiri, Chen-Bo Zhong ndi Katie Liljenquist, anauza anthu ena kuti akumbukire choipa chimene anachita, ena akumbukire chabwino, kenako aliyense asankhe mphatso pakati pa pensulo ndi kansalu kopukutira m'manja. Ofufuza ena atabwereza pambuyo pake sanapeze zofanana nthawi zonse, koma dzina la Macbeth linakakamira pa kafukufukuyo. Pa ulendo woyambawo, okumbukira zoipa amene anasankha kansalu anachuluka kawiri kuposa anzawo!

Owonerera a nthawi ya Shakespeare ankalidziwa Baibulo, ndipo poona kusamba m'manjaku ankakumbukira Pilato ali ndi beseni pamaso pa khamu. Ankakumbukiranso Kaini, amene magazi a mng'ono wake anamunenera kuchokera m'nthaka. Kusamba kwa Pilato kunatenga kamphindi, koma dzina lake likutchulidwabe m'matchalitchi patapita zaka pafupifupi 2,000!

Tsono bwerani kuno kwathu. Makolo ankati munthu akakhetsa magazi a mnzake, ngakhale mlenje akapha nyama yaikulu monga nchefu kapena mkango, amagwidwa chirope akapanda kusambitsidwa mankhwala: mutu umasokonekera, maso amafiira, ndipo amafuna kuphanso. Werenganinso Macbeth muli ndi zimenezi m'mutu, muona kuti zizindikiro za matenda amene agogo ankatchula zikutsatana tsamba ndi tsamba!

Mu 1785 katswiri wa zisudzo Sarah Siddons anachita chinthu chimene mkulu wa bwalo la Drury Lane anayesa kumuletsa. Amene anasewera Lady Macbeth iye asanabwere ankagwira kandulo mpaka gawo loyenda ali m'tulo lija litatha, koma iye anaiika pansi kuti apukuse manja onse awiri. Kuika kandulo patebulo kokhako kunasintha kaseweredwe ka gawoli kwa zaka zoposa 200!

Nanga mumadziwa kuti Lady Macbeth woyamba sanali mkazi? Masiku amenewo ku England akazi sankakwera pa nsanja ya zisudzo, ndipo mbali zawo ankasewera ndi anyamata amene mawu awo anali asanasinthe. Akazi anayamba kusewera mu 1660, patapita zaka zoposa 50!

Tulo, zovala ndi kadzidzi

Tcherani khutu mmene banjali limayankhulira likamakonza chiwembu. Lady Macbeth sanena kuti tiphe mfumu, amangokamba za ntchito ya usiku uno, ndiponso kuti mlendo akufunika kumusamalira. Ife timazungulira imfa chifukwa cha ulemu, timati watisiya kapena watsogola, koma awa akuizungulira chifukwa lilime likuopa chimene dzanja lavomera.

Potuluka kuchipinda kuja, Macbeth anamva anthu awiri ogona chipinda choyandikana atadzidzimuka n'kuyamba kupemphera. Iye anafuna kuvomereza pempherolo koma mawu anamutsamwa pakhosi. Munthu amene anagonjetsa magulu a nkhondo awiri tsiku limodzi anagonja kwa liwu limodzi la zilembo zinayi, Amen!

Akunenanso kuti anamva mawu akufuula m'nyumba monse kuti iye wapha tulo, ndipo sadzagonanso. Apa tulo tasandutsidwa munthu wosalakwa amene waphedwera limodzi ndi mfumu. Mukudziwa kuti kusagona n'koopsa bwanji? Mnyamata wa ku America, Randy Gardner, anayesa mu 1964 ali ndi zaka 17, ndipo anayamba kuona zinthu zomwe palibe asanakwanitse masiku ake 11!

Atakhala pa mpando, mfumu yatsopanoyi ikuuza mkazi wake kuti m'mutu mwake mwadzaza zinkhanira. Ikunenanso chinthu chimene simungachiyembekezere: ikuchitira nsanje Duncan, poti iye ali m'manda akugona mwamtendere, palibenso chiphe kapena mpeni ungamukhudze. Wokhala pa mpando akusirira wogona m'manda!

Mu 1935 mayi wina wophunzira kwambiri, Caroline Spurgeon, anasanthula zifanifani za m'masewero onse a Shakespeare n'kupeza kuti Macbeth nthawi ndi nthawi akuonetsedwa atavala zovala za eni. Chakumapeto, nduna ina ikuti ufumu ukumulendewera ngati mkanjo wa chimphona pathupi la kambala kakafupi. Munaonapo munthu atagula jekete ya pa kaunjika pa Kamwendo, mikono yake n'kumeza zala? Ndiye Macbeth ameneyo!

Usiku wa chiwembucho, Lady Macbeth akudikira panja ndipo akumva kulira kwa mbalame. Ndi mbalame yanji? Kadzidzi, yemweyu amene akalira padenga kwa Zulu kapena kwa Mavwere anthu sagona, ngakhale Scotland ndi Mchinji zatalikirana makilomita oposa 8,000!

Kutacha, malodza anachuluka. Nkhalamba ina ya zaka zoposa 70 ndi nduna Ross akukambirana kuti kadzidzi, wodya mbewa, wapha kabawi m'mwamba, ndipo akavalo a Duncan athyola makola n'kuyamba kudyana okhaokha. Uthenga wake ndi umodzi: wamng'ono akapha wamkulu, chilengedwe chonse chimayenda chagada.

Nduna ina, Macduff, atamva kuti mkazi wake ndi ana ake onse aphedwa, sakupeza mawu a ku bwalo la mafumu. Akukamba za mphamba amene watsika kamodzi n'kunyamula anapiye onse pamodzi ndi make. Mwana aliyense amene anathamangitsapo mphamba pakhomo amva chifanifani chimenechi msanga kuposa pulofesa wa ku London!

Kodi munamva kugogoda kuja? Macbeth ndi mkazi wake ali chiimire ndi manja a magazi, wina akugogoda pachipata cha linga, ndipo mlonda woledzera akudziyesa wotsegula pa khomo la gehena. Mu 1823 mlembi Thomas De Quincey analemba nkhani yathunthu yofotokoza chifukwa chimene kugogoda kokhako kumaopsera kuposa mpeni!

Pa phwando la mfumu, mzukwa wa Banquo, mnzake amene Macbeth anamuphetsa, ukubwera n'kukhala pa mpando wa Macbeth, mutu uli mabala okhaokha. Alendo ali phee, akungoona mfumu yawo ikukalipira mpando wopanda munthu. Opha anati anamutema mabala 20 m'mutu, koma m'nyumba yodzaza anthu woona mabalawo ndi mmodzi yekha!

Usiku womwewo Macbeth akudziona ngati munthu amene walowa mumtsinje wa magazi mpaka pakati, moti kubwerera n'kuoloka kwafanana kutalika. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuti aphe Duncan anavutika maganizo usiku wonse, koma kuti aphe banja lonse la Macduff anangolamula ndi mpweya umodzi!

Mfumu yoopa mfiti

Chifukwa chiyani mlembi wa ku England analemba za Scotland? Mu 1603 James, mfumu ya Scotland, anakhalanso mfumu ya England ndipo anatenga gulu la zisudzo la Shakespeare kukhala lake. James ankadziwa bwino za magazi a ku nyumba yachifumu: bambo ake anaphedwa mu 1567, mayi ake anadulidwa mutu mu 1587!

Mfiti zitatu za m'seweroli sizinabwere mwangozi. James ankakhulupirira kuti mfiti zinautsa namondwe kuti zimize zombo zake pamene ankakatenga mkazi ku Denmark, ndipo mu 1590 anakafunsa yekha mafunso anthu oganiziridwa ku milandu ya North Berwick. Mu 1597 anafika polemba buku lonse la ufiti ndi ziwanda!

Lamulo la ku England la 1604 linkapereka chilango cha imfa kwa mfiti. Patapita zaka 307, Angerezi omwewo anabweretsa kuno lamulo la 1911 loletsa kumwetsana mwavi ndi kulozana ufiti. Kwawo ankanyonga wolozedwa, kwathu anabwera kudzamanga woloza!

M'buku la mbiri la Raphael Holinshed limene Shakespeare anatengamo nkhaniyi, Banquo anathandiza nawo kupha Duncan. Koma James ankati Banquo ndi kholo lake, ndiye mukuganiza kuti mlembi akanatani? Anamuyeretsa mbee, n'kumupatsanso mzere wa mafumu 8 otuluka m'chiuno mwake!

Pa 5 Novembala 1605, kutangotsala miyezi yochepa kuti seweroli lilembedwe, anthu ena anagwidwa akufuna kuphulitsa Nyumba ya Malamulo mfumu ili momwemo. Choncho owonerera oyamba a Macbeth sankaona nthano yakale, ankaona zimene zikanawachitikira dzana. Pansi pa nyumbayo panapezeka migolo ya wonga 36!

Kuchokera kwa Shaka kufika ku Fort Manning

Duncan ataphedwa, Ross akudabwa kuti wotchi ikuti ndi masana koma kunja kuli mdima. Angoni a kuno safuna kufotokozeredwa za mdima wa masana. Tsiku limene Zwangendaba ankaolotsa anthu ake pa Zambezi, mu Novembala 1835, kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a mbiri amatha kuloza tsiku la ulendowo patapita zaka pafupifupi 200!

Kumene Angoniwo anachokera kunalinso chiwembu cha pachibale. Mu 1828 Shaka, mfumu ya Azulu, anabayidwa ndi abale ake Dingane ndi Mhlangana. Miyezi ingapo isanathe, Dingane anachotsanso Mhlangana, monga mmene Macbeth anachotsera mnzake Banquo!

Welcome Msomi wa ku South Africa anaona kufanana kumeneku ndipo mu 1970 analemba uMabatha, Macbeth wa m'Chizulu, wa zishango, mikondo, ng'oma ndi asing'anga m'malo mwa mfiti. Mu 1972 anapita nalo ku London ndipo Angerezi anadzaza bwalo kudzaonera Shakespeare wawo m'chinenero chimene sankachimva. Mu 1997 linaseweredwa pa Globe yatsopano, chaka chomwe bwalolo linatsegulidwa!

Zwangendaba atamwalira cha m'ma 1848 ku dera la Ufipa ku Tanzania, nkhani ya mpando inagawa mtundu. M'mbelwa anakhazikika kumpoto kwa Malawi, Mpezeni anadzakhazikika cha ku Chipata, ndipo anthu ake ena ndi amene ali kuno ku Mchinji. Mpando umodzi unabalalitsa abale m'mayiko atatu!

Kodi mumadziwa kuti Mchinji weniweniyu anasungapo mfumu yogwidwa? Asilikali a Angerezi atagonjetsa Angoni mu 1898, anawombera Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondoyo, ndipo Mpezeni mwini anamutsekera ku Fort Manning. Fort Manning ndi dzina lakale la Mchinji, monga Fort Jameson lili dzina lakale la Chipata!

Mfiti zinauza Macbeth kuti palibe wobadwa mwa mkazi amene angamuphe. Ku Nsanje amasimba za M'bona, woitana mvula, amene adani ake anayesa mikondo ndi mivi osamulasa, mpaka iye mwini anawauza chimene chingamuphe. Steve Chimombo anaisandutsa nkhaniyi sewero la The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978, ndipo chida chopha M'bona sichinali chitsulo koma tsamba chabe!

Shakespeare si mlendo pa mabwalo athu. Gulu la Nanzikambe linasewerapo Macbeth wovekedwa Chiafrika m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa. Ku Tanganyika, yomwe lero ndi mbali ya Tanzania, womasulira Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963 anali pulezidenti wa dzikolo, Julius Nyerere!

Sewero losatchulidwa dzina

Ochita zisudzo ambiri ku Ulaya ndi ku America satchula dzina la seweroli ali m'nyumba ya zisudzo, amangoti sewero la ku Scotland, poopa tsoka. Wolakwitsa amatulutsidwa panja, azungulire katatu, alavule, kenako agogode kuti amulowetse. Ndiye wina adzatiuze kuti zikhulupiriro ndi za kuno kokha?

Pa 10 Meyi 1849 ku New York, otsatira a Edwin Forrest wa ku America ndi a William Macready wa ku England anayambana pa nkhani ya amene amasewera bwino Macbeth. Chipolowe chitakula pa Astor Place, asilikali anawombera khamulo. Anafa anthu osachepera 22, ochuluka kuposa atengambali onse amene amafa m'seweromo!

Pulezidenti Abraham Lincoln ankalikonda seweroli kuposa ena onse a Shakespeare. Pa 9 Epulo 1865, ali m'sitima ya pamadzi, anawerengera anzake mokweza gawo lija lonena za Duncan akugona mwamtendere m'manda. Lincoln anawomberedwa ndi katswiri wa zisudzo, m'nyumba ya zisudzo, patangopita masiku 5!

Mu 1936 ku Harlem, osewera akuda okhaokha anachita Macbeth wosamutsidwira ku chilumba chonga Haiti, ng'oma zikutsogoleredwa ndi Asadata Dafora wa ku Sierra Leone. Anthu anadzaza misewu kulimbirana matikiti. Wowongolera sewerolo, Orson Welles, anali ndi zaka 20 zokha!

Ku Japan, Akira Kurosawa anajambula filimu ya nkhani yomweyi mu 1957, ndipo Macbeth wake amafa ndi mivi ya asilikali ake omwe. Mantha amene mumawaona pankhope ya Toshiro Mifune, wosewera mbaliyo, si ongosewera. Akatswiri a uta ankamuponyera mivi yeniyeni, ikumalasa khoma pambali pake!

Macbeth weniweni

M'sewero, mfiti zinalonjezanso Macbeth kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda kufika pa phiri la Dunsinane, ndipo iye anaseka. Adani ake anangodula nthambi, aliyense n'kubisala kuseri kwa yake, nkhalango n'kuyamba kuyenda. Malo awiriwa alipodi ku Scotland, ndipo atalikirana makilomita ngati 20, kuposa kuchoka pa Boma la Mchinji kukafika pa chipata cha Mwami!

Nanga wosabadwa mwa mkazi uja anapezeka kuti? Macduff anachita kutumbulidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane, zimene lero timati kubadwa kudzera opaleshoni. Mfiti sizinaname ngakhale kamodzi, zinangokuluwika, ndipo mfumu inamasulira mkuluwikowo mokomera mtima wake mpaka mutu unadulidwa. Choipa chitsata mwini!

Koma gwirani mtima, poti Macbeth analikodi, ndipo sanaphe nkhalamba ili m'tulo. Duncan weniweni anafera ku nkhondo pafupi ndi Elgin mu 1040, atalowa ndi asilikali m'dera la Macbeth. Nkhalamba ya imvi ya m'seweroyo inali isanakwanitse n'komwe zaka 40!

Za kupha mfumu ili mlendo m'nyumba, mkazi akusonkhezera, Shakespeare anazitenga pa tsamba lina la Holinshed. Kumeneko wopha ndi Donwald ndipo wophedwa ndi Mfumu Duff. Mlandu wa munthu wina, wochitika zaka zoposa 70 m'mbuyo, anausenzetsa Macbeth!

M'sewero ufumu wake ukuoneka ngati wa miyezi yowerengeka ya mantha okhaokha. M'mbiri dziko linali pa bata moti mu 1050 anatha kulisiya n'kupita ku Rome, kumene analembedwa kuti anamwaza ndalama kwa osauka ngati mbewu. Analamulira mpaka anaphedwa ku Lumphanan mu 1057, zaka 17 zathunthu!

Mlandu suola, amatero akuluakulu, ndipo seweroli likuvomereza kuyambira pa mpeni wa m'malere mpaka pa kadzanja konunkha. Koma taonaninso mphamvu ya zining'a ndi zifanifani zikagwera m'manja mwa katswiri: zinapaka magazi mfumu imene sinaphe mlendo wake, ndipo akatswiri a mbiri alephera kuisambitsa. Inu amene mumapeka nyimbo, ndakatulo ndi nkhani za pa WhatsApp, mwaganizapo kuti mawu anu angamatirire pa dzina la munthu kwa nthawi yaitali bwanji, pamene Macbeth wagona m'manda zaka zoposa 960 akuyankhabe mlandu wa Donwald?